Makala, penti ya m'sitolo kapena dothi la kudambo?

Anzanga ojambula kuno ku Kasungu mwakhala mukundifunsa chimene ndimapakira zithunzi zanga zakuda zija, zopanda munthu kapena nyama, zongoonetsa mmene kuwala kumagwera pa chinthu. Ndayesapo zitatu.

Makala ndiwo osavuta. Mumasinja, kusefa, n'kusakaniza ndi guluu wa matabwa wosungunula ndi madzi. Akauma amada bii, koma amameza kuwala konse, moti chithunzi chimaoneka chimodzimodzi m'mawa ndi madzulo. Guluu akachepa amayoyoka.

Penti ya m'sitolo, ya akiriliki, imauma msanga, siyoyoka, ndipo imanyezimira. Pierre Soulages, wojambula wa ku France, amene anamwalira mu 2022 ali ndi zaka 102, kuyambira mu 1979 ankapaka penti yakuda yokhayokha mochindikala n'kuikanda mizere kuti kuwala kuzigwa m'mizeremo. Wofuna zoterozo, akiriliki ndiye woyenera. Koma ngwodula, ndipo wabwino ine ndimachita kukagula ku Lilongwe.

Mtima wanga uli pa makande. Ndimakumba kudambo m'chilimwe, kuviika, kuchotsa timiyala ndi mizu, kuthiramo guluu, kenaka kupaka ndi chikhatho pa chiguduli cha fodya chimene ndachikhomera pa thabwa, monga mmene amayi ankazirira pakhonde. Dothili silida kwenikweni, limatuwirako. Likamauma limang'aluka timing'alu tating'onoting'ono ngati dambo mu Okutobala, ndipo dzuwa likapendeka, kamng'alu kalikonse kamakhala ndi mthunzi wake. Chithunzi chimene munachiona m'mawa si chomwecho madzulo. Zala zanunso zimatsalamo.

Mavuto ake sindibisa. Choyamba changa ndinachipaka mochindikala n'kuchiyanika padzuwa, chinagamuka zibuma zibuma. Pakani pang'onopang'ono, kawiri kapena katatu, chiumire pamthunzi. Chimalemeranso, ndipo chimadana ndi chinyezi. Pajatu ku Chongoni ku Dedza, kumene kuli malo 127 a zojambula za pamiyala ndipo bungwe la UNESCO linakuzindikira mu 2006 ngati malo ofunika pa dziko lonse, zithunzi za dothi loyera zinajambulidwa m'mapanga ndi kunsi kwa matanthwe, kumene mvula sifika kwenikweni.

Ngati chithunzi chanu chikwera minibasi kupita kwa ogula, pakani akiriliki, chikafika chamoyo. Makala ngabwino pophunzirira. Cha makande changa chili pakhoma loyang'anizana ndi zenera la kumadzulo, ndipo cha m'ma 4 koloko ndimatsegula katani.