Melodika ndi ogani ya pa siteji: zimene zaoneka patatha miyezi

Zida ziwirizi zitangotuluka m'makatoni tinaziyamikira chifukwa cha kupepuka ndi kukoma kwa mawu. Chimodzi ndi melodika, chida cha makiyi choimbidwa pouzira mpweya ndi pakamwa, ya makiyi 37, yoyambira pa F kukathera pa F, chinacho ndi kiyibodi ya makiyi 61 yotsanzira ogani ya Hammond. Tsopano zayenda m'maukwati, m'matchalitchi ndi m'madansi a usiku, zapirira chisanu cha June ndi July mpaka kulowa m'fumbi la October. Mawu a ogani ali momwe analili, poti ndi kompyuta imene ikuwapanga. Melodika ndiye yasintha, ndipo ntchito yaikulu ya miyezi imeneyi yakhala kuigwirizanitsa ndi inzakeyo.

Gwero la vutoli ndi mpweya wa m'kamwa. M'kati mwa melodika muli timalilime tachitsulo, kamodzi pa kiyi iliyonse, tokhomedwa pa mbale zopyapyala. Mpweya wofunda ukafika pa chitsulo chozizira umasanduka madzi. Ambiri amati ndi malovu, koma gawo lalikulu ndi nthunzi chabe. Dontho likakhala pa nsonga ya kalilime, kamalemera, kamanjenjemera mochedwa, noti n'kutsika, mwinanso kungoti zii pakati pa nyimbo. Kukamazizira zimenezi sizichedwa. Choncho musanakwere pa siteji ifunditseni, muiike m'jekete kwa mphindi khumi. Pakati pa nyimbo, ipendeketseni kuti mbali ya batani lotulutsira madzi iloze pansi, dinani batanilo osagwira kiyi iliyonse, ndipo muuzire mwamphamvu kawiri kapena katatu. Mukaweruka, zulani paipi youzira, muikutumule, chikwama chigone chotsegula. Osaiyanika padzuwa kapena kuisiya m'galimoto yotseka masana, chifukwa pulasitiki imapindika ndipo gasiketi, kamzere kotsekera mpweya kuti usatuluke m'mbali, imasiya kugwira. Melodika yotsekeredwa yonyowa imayamba fungo, paipi imachita chuku, masikulu amagwira dzimbiri, timalilime n'kumera zobiriwira m'mphepete.

Za kudya nazo. Pa ukwati oimba amadya kenako n'kubwerera ku zida. Kachidutswa ka mtedza kochepa ngati mchenga kakakanirira pakati pa kalilime ndi mbale yake, noti imeneyo yafa mpaka mutatsegula. Zakumwa zotsekemera zimasiya zomata zimene zimakoka fumbi. Kuchukucha m'kamwa ndi madzi musanauzire kumachotsa theka la mavutowa.

Nkhani ya kutchuna ndi imene ikufuna malo ambiri. Melodika zambiri zimachoka ku fakitale zili pamwamba pang'ono pa A=440 (noti ya A yonjenjemera maulendo 440 pa sekondi, kapena kuti 440 Hz), kawirikawiri cha ku 442. Zimathandizako, popeza mukauzira mwamphamvu noti imatsika. Kusiyana kwa 440 ndi 442 ndi ma cent pafupifupi 8, pamene kuchoka pa kiyi imodzi kupita pa yoyandikana nayo ndi ma cent 100. Pambali pa gitala kusiyanaku kumabisala, chifukwa noti ya gitala imazilala msanga. Ogani siizilala. Imagwira noti mpaka mutachotsa chala, ndiye mukaimba A wapakati pa zida zonse ziwiri mumamva mawu akugundana kawiri pa sekondi, ndipo octave ya pamwamba kanayi. Njira yachidule ndi kusuntha master tune, pokwezera kapena kutsitsira manoti onse a kiyibodi, kuti itsatire melodika, a gitala ndi a besi nawo asinthe ma tuner awo, timakina toyezera noti. Zimatheka ngati bandi yonse ndi yanu. Mukapeza kiyibodi ina ya pa tchalitchi kapena nyimbo zojambulidwa kale, mulibe kothawira, melodika iyenera kubwera ku 440.

Komanso pakatha miyezi timalilime sititsika mofanana. Timene mumatiuzira kwambiri, cha pakati pa kiyibodi, ndi timene timayamba. Kukonza kwake n'kotere. Imbani kaye mphindi zisanu kapena khumi kuti chida chifunde. Chikadali chotseka, uzirani noti iliyonse ndi mphamvu imene mumagwiritsa ntchito pa siteji, muone pa tuner, mulembe papepala kuti yaphonya ndi ma cent angati. Yophonya ndi atatu kapena anayi isiyeni, mpweya wanu womwe umasuntha noti kuposa pamenepo. Masulani masikulu a chikuto, kenako a chivundikiro cha chipinda cha mpweya, muwaike m'mbale motsatana chifukwa satalika mofanana. Pezani kalilime ka noti yanu powerenga kuchokera ku kakakulu. Lowetsani lezala yopyapyala pansi pake kuti kasapindikire m'bowo. Kuti noti ikwere, palani pang'ono kunsonga, kapepuke. Kuti itsike, palani kufupi ndi tsinde pomwe kakhomedwa. Gwiritsani ntchito tupa yosalala kapena sandipepa wosalala womata pa kamtengo, ndipo palani motsata utali wa kalilime, osati mopingasa, chifukwa mzere wopingasa ndi pamene kamadzathyokera. Palani kawiri kapena katatu basi, tsekani, yesani. Sizitheka kuyesa chili chotsegula, ndiye konzani manoti angapo nthawi imodzi kuti musatope ndi masikulu. Timalilime ta pamwamba n'tating'ono, kupala kamodzi kumatisuntha kwambiri. Pomanga, zungulirani masikulu onse pang'onopang'ono m'malo momangitsa imodzi mpaka kumapeto, apo ayi gasiketi imafinyika mbali imodzi ndipo mizere ya m'pulasitiki yogwira masikulu imatha.

Muli m'katimo, yang'anani mpata wa pakati pa nsonga ya kalilime ndi mbale. Ukachepa, noti imalira msanga mukauzira mofatsa koma imatsamwa mukakankha mpweya. Ukakula, imachedwa kulira ndipo imadya mpweya. Poyambira pabwino ndi mpata wofanana ndi kuchindikala kwa nsongayo. Kankhani ndi kamtengo kotokosera m'mano, pang'onopang'ono, mukuyerekeza ndi toyandikana nato timene tikulira bwino. Koma kalilime kamene mwakakweza lero, sabata yamawa katsikanso ndi ma cent 20 kapena 30, musavutike nako. Chitsulo chatopa, mng'alu wayamba kutsinde, kathyoka posachedwa. Apo pafunika mbale yatsopano.

N'chifukwa chake posankha melodika, funso loyamba likhale lakuti kodi imatseguka bwino ndipo mbale zake zimapezeka? Hohner ya ku Germany, imene inatchukitsa chidachi kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, Yamaha ndi Pianica yake, komanso Suzuki ndi Melodion, ndi mayina amene zipangizo zake munthu angaitanitse. Yamaha P-37D ndi yopepuka, siifika kilogalamu imodzi, ndipo imalira ndi mpweya wochepa. Suzuki M-37C ili ndi chikuto cha aluminiyamu, n'njolemererapo. Zopanda dzina zimene zimabwera motchipa zimakhoza kulira bwino mwezi woyamba, koma kalilime kakathyoka mwataya chonse. M'sitolo yesani zinthu zitatu: uzirani osadina kiyi, mpweya usapeze potulukira, imbani noti ya pansi kwambiri mofatsa, ilire osachedwa, imbani ma octave awiriawiri, mumve ngati akugundana. Ya makiyi 32 imathera pa C, ndipo makiyi asanu a pamwamba amenewo mumawasowa nthawi ya solo. Ya 44, monga Hammond PRO-44H imene imapangidwa ndi Suzuki, imayambira pa C wa pansi ndipo ili ndi maiki m'kati ndi potulutsira chingwe. Mtengo wake ndi wina, komanso manoti a pansiwo amamwa mpweya kwambiri. Kwa woimba rege amene akufuna mawu a dub onga a Augustus Pablo wa ku Jamaica, chingwecho n'chothandiza, chifukwa chimalowa mwachindunji mu pedulo ya delay, yobwereza mawu.

Yopanda maiki ya m'kati imafuna maiki wamba ya dynamic, monga Shure SM57 kapena SM58, pa mtunda wa masentimita 15 mpaka 20 kuchokera pomwe mawu akutulukira. Pezani malowo ndi khutu, si onse opanga amaika mabowo mbali imodzi. Maiki yomatirira pa chikuto imatola kugogoda kwa makiyi kuposa nyimbo. Pa mikisa dulani zonse za pansi pa 150 Hz, poti F wa pansi ali pa 175 Hz ndipo kunsi kwake kulibe kanthu koma phokoso la siteji. Ikamalasa m'makutu, chepetsani pang'ono pakati pa 2 ndi 4 kHz. Sipika ya monitor isaloze kukamwa kwa maiki.

Kuimba zonse ziwiri nthawi imodzi kumatheka: melodika igone pamwamba pa ogani, pansi pake pakhale kansalu ka labala kuti isatsetsereke, paipi m'kamwa, dzanja lamanja pa melodika, lamanzere pa ogani. Paipi yaitali imafewetsa chiyambi cha noti, ndiye lilime lanu ligwire ntchito, muzinena "tu" kapena "du" pa noti iliyonse. Noti yobwerezabwereza ichokere ku lilime, chala chingokhala pa kiyi. Manoti atatu kapena anayi pamodzi amagawana mpweya womwewo, mawu amachepa ndipo ma chord amatsika, choncho ma chord asiyireni ogani. Vuto lenileni ndi lakuti zida ziwirizi zimalimbirana malo amodzi m'khutu. Ogani ili ndi ma drawbar, timitengo tokoka posakaniza mawu, asanu ndi anayi, kuyambira 16' mpaka 1', iliyonse kuchokera pa 0 kufika pa 8. Mukakoka onse, 888888888, melodika imamira. Nthawi ya solo bwezani a pamwamba, mutsale ndi 888000000 kapena 808000000, zimitsani percussion (kakugunda ka kumayambiriro kwa noti), Leslie, sipika yozungulira ya ogani, ikhale pa liwiro lochedwa. Melodika ikapuma, kokani ma drawbar ndi kuthamangitsa Leslie.

Leslie yeniyeni, monga 122, ndi kabati yokhala ndi lipenga lozungulira pamwamba ndi ng'oma yozungulira pansi, mawu atagawidwa pa 800 Hz. Lipenga limafika pa liwiro lake, maulendo pafupifupi 400 pa mphindi, m'kanthawi kochepa, pamene ng'oma imatenga masekondi angapo, ndipo kukoma kwake kwagona pa kusiyana kumeneko. Kiyibodi imatsanzira zimenezi kudzera m'zingwe ziwiri, L ndi R. Koma zokuzira mawu zambiri za m'maholo ndi za mono. Mukapereka zingwe ziwiri, wa pa mikisa n'kuziika zonse pakati, mbali ziwirizo zimadyana, ogani n'kumveka yopyapyala ndi yogwedezeka ngati ili m'madzi. Ngati simukudziwa kuti akulumikiza bwanji, perekani chingwe chimodzi cha L/Mono. Chikapitirira mamita asanu kapena asanu ndi limodzi, chidutse mu DI box, kabokosi kothandiza mawu kufika bwino ku mikisa, ndipo mukamva kung'ung'udza dinani batani lake la ground lift.

Pedulo ya expression, yokwezera ndi kutsitsira mawu ndi phazi, si yokongoletsa. Makiyi a ogani samva kuti mwamenya mwamphamvu kapena mofatsa, mphamvu yonse ili kuphazi. Chenjerani pogula: Yamaha FC7 ndi Roland EV-5 zimalumikizidwa mosiyana m'kati, ndipo yolakwika imangolumpha kuchoka pa zii kufika pa phokoso, kapena osagwira n'komwe. Makiyibodi ena, monga a Nord, ali ndi posankhira mtundu wa pedulo. Pa zida zonse, pedulo ndi imene imayamba kukalamba, poti imakhala pansi pa fumbi. Ikayamba kukhwekhwereza, thirani mankhwala otsukira ma contact (pokhudzana magetsi) mu potentiometer yake, kachipangizo ka m'kati kosinthira kukula kwa mawu, muipondeponde kangapo.

Pa magetsi, chimene chimapha kiyibodi si kuthima ayi, koma kubwera kwake, ndi jenereta pamene ikulizidwa kumene. Zulani pulagi mpaka injini itakhazikika. Surge protector imateteza ku magetsi okwera mwadzidzidzi, siikweza otsika. Apo pamafunika ka UPS kakang'ono, kabokosi ka batire kosungira magetsi, ndipo kamakwana chifukwa kiyibodi siidya magetsi ambiri. Roland VR-09, yolemera makilogalamu 5.5, imayendanso ndi mabatire a AA asanu ndi atatu otchajidwa, ndiye magetsi akathima woimba amapitiriza ngati sipika nayo ili ndi batire. Yatsani kiyibodi poyamba, ampu pomaliza. Pozimitsa yambani ndi ampu. Adaputa musabwereke mwachisawawa. Za Roland zambiri ndi 9V zokhala ndi negative pakati, za Yamaha zambiri ndi 12V zokhala ndi positive pakati, ndipo pulagi ikhoza kulowa bwinobwino n'kuotcha bodi ya magetsi ya m'kati. Kolowekani chingwe cha adaputa pa kambedza kake kapena muchimate ndi tepi ku sitandi, chifukwa kabowo ka magetsi kakagwedera, kiyibodi imazima yokha ng'oma zikalimba.

Pansi pa kiyi iliyonse pali ma contact awiri a labala. Fumbi likalowa, kiyi imafa kapena imalira mokuwa nthawi zonse mukaika mawu a piyano. Pa makiyibodi amene ogani imalira ndi contact yoyamba yokha, vutoli limabisala mpaka mutasintha mawu. Kutsuka kwake ndi kuvula mzere wa labalayo n'kupukuta ndi isopropyl, sipiriti yotsukira zida za magetsi, pa kathonje, koma chophimba cha nsalu n'chotchipa kuposa ntchito imeneyi. Amene amakonda kukwekweretsa chikhatho pa makiyi asankhe a waterfall, opanda mlomo koma odulidwa bwino kutsogolo, monga a pa Nord Electro 6D, Yamaha YC61 kapena Hammond SK Pro. Makiyi okhala ndi mlomo amakola khungu, ndipo pakapita nthawi amayamba kugwedera m'mbali.

Wina akakutsatsani Hammond B-3 yeniyeni yochokera ku America, funsani kaye za mota yake. Ogani imeneyi, imene inasiya kupangidwa cha m'ma 1974, imatulutsa mawu ndi timawilo 91 tozunguzidwa ndi mota yotsatira kugunda kwa magetsi. Ku America ndi 60 Hz, kuno ndi 50 Hz pa 230V. Thiransifoma imakonza ma volt okha, ndiye ogani yonse imatsika ndi makiyi atatu n'kanthu, ndipo pa jenereta imakwera n'kutsika motsatira injini. Pafunika chipangizo chosinthira 50 Hz kukhala 60 Hz, komanso anthu anayi oinyamula, chifukwa pamodzi ndi benchi ndi makiyi a kumapazi imalemera makilogalamu pafupifupi 190, Leslie isanawerengedwe.