Kemo kapena mapiritsi: chithandizo cha khansa yosowa ya m'thumba la mazira

Mayi akapezeka ndi khansa ya m'thumba la mazira ku chipatala cha Gulupu mu Blantyre, njira yodziwika ndi opaleshoni yotsatiridwa ndi kemo, kawirikawiri mankhwala a carboplatin ndi paclitaxel operekedwa pa diripi milungu itatu iliyonse, maulendo 6. Njirayi imathandiza pa mtundu wofala, umene umakula mofulumira ndipo pafupifupi nthawi zonse uli ndi jini (malangizo achibadwa a m'maselo) ya TP53 yowonongeka.

Koma pali mtundu wina wosowa, wotchedwa low-grade serous, umene umagwira amayi ocheperako zaka ndipo umakula pang'onopang'ono. Popeza kemo imalimbana kwambiri ndi maselo ogawikana msanga, chotupa chotere sichimva mankhwalawa bwino, chikhalirecho mayi wathothoka tsitsi, akusanza, zala zachita dzanzi. Vuto la chotupachi limapezeka kawirikawiri m'majini a KRAS kapena BRAF.

Apa m'pamene mapiritsi a letrozole ndi trametinib angathandize. Letrozole amachepetsa mahomoni a estrogen amene amadyetsa chotupacho, pomwe trametinib amatseka njira imene majini aja amatumizira uthenga woti maselo achulukane. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2022 anaonetsa kuti mwa amayi omwe matendawa anabwerera, trametinib anaimitsa khansa pafupifupi miyezi 13, pomwe chithandizo chamasiku onse chinaimitsa pafupifupi miyezi 7.

Komabe trametinib ndi wodula kwambiri, amayambitsa zidzolo ndi kutsegula m'mimba, ndipo letrozole ndiye wotsikirapo mtengo. Chofunika choyamba n'chakuti kachidutswa ka chotupa kaunikidwe bwino ku labotale, mtundu wake udziwike.