Amayi a mpingo anatiphikira pa chinkhoswe

Pa chinkhoswe cha mphwanga ku Kawale tinapempha amayi a mpingo wathu kuti atiphikire. Amagwira ntchitoyi kuti apeze ndalama zogulira sopo ndi shuga pokazonda odwala ku Bwaila ndi ku Kamuzu Central.

Anafika m'mamawa ndi mapoto awo, ife tinangogula nkhuni ndi ndiwo. Mpunga wa Kilombero unapsa bwino, koma nkhwani wotendera ndiye anthu anachita kulimbirana, ngakhale achimwene omwe masamba sawayang'ana n'komwe. Thobwa linachepa.

Mipando yomwe amabwereketsa ndi yakale, ina miyendo yake ndi yogwedera, bola mukabwereke kwina. Mtengo mumakambirana ndi mayi msungichuma, ndipo amalandira pa Mpamba. Auzeni msanga, Loweruka amakhala otanganidwa.