Thireyi ya mlombwa yopangidwa pamanja: mmene ndayionera patatha miyezi 8

Ndinagula thireyi imeneyi kwa mmisiri wina wa matabwa chifukwa cha maonekedwe a mlombwa wake, koma chimene chandichititsa kuilemekeza ndi mmene anayalira matabwawo. Thabwa limafufuma likamwa chinyezi ndipo limanyala likauma, ndipo kusintha kumeneku kumachitika mulifupi, pamene mulitali, motsata mitsempha yake, sikuoneka n'komwe. Mmisiriyu ankadziwa bwino zimenezi. Thabwa lapansi sanalikhomere misomali kapena kulimata ndi guluu m'mbali zonse, koma analilowetsa m'kangalande kamene anasema mkati mwa matabwa am'mbali, n'kusiya mpata pang'ono woti lizitha kufufuma ndi kunyala popanda kung'aluka. Ndikalikankha ndi chala limasuntha pang'ono, ndipo poyamba ndinkaganiza kuti ndi ntchito yosamalizika, pamene ndi chifukwa chake thireyiyi idakali yowongoka ngakhale yadutsa nyengo yachinyezi ndi youma.

Zogwirira nazonso anaziganizira. Mabowo olowetsa zala anawaboola kutali ndi m'mphepete, pa matabwa amene mitsempha yake yagona motsata utali wa bowolo, choncho mbali imene dzanja limagwira ndi mitsempha yaitali yosadukiza. Akanaidula mopingasa, chogwiriracho chikanathyoka tsiku lina thireyi itadzaza makapu.

Pamwamba pake ndi posalala, ndipo ndikayang'anitsa pa kuwala kwa pawindo sindiona zokalika zopingasa, umboni wakuti anapala ndi kukwecha ndi sandipepala motsata mizere ya thabwa. Anapaka mafuta ndi phula la njuchi m'malo mwa vanishi, zimene zimaonetsa bwino kufiirira kwa mlombwa, ngakhale kuti zimafuna kupakanso pakapita nthawi.

Cholakwika chimodzi chilipo ndithu. Pafupi ndi kamfundo kamene kali pangodya, pamene mitsempha imapotana, puleni, chida chopalira matabwa, inazula timatabwa ting'onoting'ono n'kusiya timaenje timene mafuta anadetsa, ndipo nsalu yopukutira imakodwa pamenepo nthawi zonse. Malo otere amafuna mpeni wa puleni wakuthwa kwambiri wodya pang'onopang'ono, ndipo apa zikuoneka kuti mmisiriyu anafulumira. Sindiiviika m'madzi, ndimangoipukuta ndi nsalu yonyowa n'kuiumitsa nthawi yomweyo, ndipo pangodya pamenepo ndimapukuta motsata mizere kuti ulusi usatsalire.