Patha miyezi 9 chimalizireni kosi ya human factors: zomwe zatsala m'manja

Nditangomaliza kosi ija ya pa intaneti ndinaiyamikira mopitirira muyeso. Pano mtima wakhazikika, ndiye ndinene zomwe ndikugwiritsadi ntchito ndi zomwe zinangotsalira m'kope. Kwa amene simukuidziwa, human factors ndi maphunziro oona momwe maso, manja ndi maganizo a munthu zimagwirira ntchito, kuti chipangizo chipangidwe motengera munthuyo. Ine ndimapanga pulogalamu ya pafoni imene makalaliki amalemberamo makilogalamu a soya ndi mtedza pogula kwa alimi.

Nkhani imene yakana kundichoka m'mutu ndi ya Alphonse Chapanis, katswiri wa ku America wa maphunzirowa. Pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, oyendetsa ndege za B-17 ankati akatera, amapinda matayala poganiza kuti akugwira switchi ya ma flap a kumapiko, ndege n'kukhulika ndi mimba. Mabwana ankati n'kusasamala. Mu 1943 Chapanis anaona kuti maswitchi awiriwo anali ofanana ndendende, komanso oyandikana. Anamata kagudumu ka labala pa ya matayala, inayo n'kuipatsa kaumbidwe kena, kuti dzanja lizizindikira lokha.

Kumeneko ndinadziona ndekha, chifukwa bwana woloza chala uja ndinali ine. Mayi ena achikulire, kalaliki wathu, ankangofufuta zolemba za alimi, ine n'kumati sanamvetse pophunzitsidwa. Nyengo yogula zokolola itafika ndinapita kukaima kumbuyo kwawo, pakamwa nditatseka, monga kosiyo inatilangizira. Dzuwa likuswa mtengo, sikirini yosaoneka, dzanja limodzi lagwira thumba pa sikelo, chala chachikulu cha linalo chikufufuza batani. "Sunga" ndi "Fufuta" ndinawaika moyandikana, kukula kofanana, mtundu umodzi. Atatembenuka anangoti, "Achimwene, kafoni kanuka kamandinamiza." Manyazi anandigwira.

Lamulo la Paul Fitts la mu 1954 limati chinthu chikakhala chaching'ono kapena chakutali, dzanja limachedwa kuchipeza. Ndinakulitsa "Sunga" n'kumutsitsa pansi pomwe chala chimafika chokha, "Fufuta" n'kumukankhira kumwamba, ndi kuwonjezera "Bwezera". Mayi aja anamaliza nyengo yonse osandiimbiranso.

Phunziro lina ndi la ngozi ya mu 1979 ya ku Three Mile Island, malo opangira magetsi a nyukiliya ku America, pomwe nyale inkangosonyeza kuti lamulo lotseka valavu laperekedwa, pomwe valavuyo inali chitsegukire. Pulogalamu yanganso inkalemba "Zatumizidwa" munthu akangodina, netiweki kulibe. Pano imati "Zikudikira netiweki" mpaka zitapitadi.

Zokhumudwitsa zilipo. Kosi yonse imaganizira munthu wokhala pa desiki, pamthunzi, mouse ili m'manja, Chingerezi chili pamlomo. Za foni yobwerekana anthu atatu, kapena mawu a Chichewa otalika kuposa batani lake, sanakhudzeko n'komwe. Anatiphunzitsanso kuti menyu isapitirire zinthu 7, ati potsatira George Miller wa mu 1956. Koma Miller ankanena za zomwe munthu angasunge m'mutu kwa kanthawi, osati zomwe akuziona ndi maso. Ndinazisiya zimenezo. Mavidiyo a kosiyo nawo anandimalizira mabando a intaneti, pomwe zambiri zikanatheka kungolemba.

Mfundo 10 za Jakob Nielsen za mu 1994, zothandiza kupanga pulogalamu yosavuta kugwiritsa ntchito, ndinazimata pakhoma. Pepalalo lachita kufiira, ndipo kunena zoona ndimabwerera ku zitatu zokha: onetsa zomwe zikuchitika, lankhula chinenero cha wogwiritsa ntchito, mpatse pothawira akalakwitsa. Langizo lake loyesa ndi anthu 5 okha ndiye landithandiza koposa, poti ndalama zoyesera ndi khamu tilibe.

Satifiketi palibe amene wandifunsapo, choncho ngati mukulipirira pepalalo, sungani ndalama zanu. Sabata yamawa ndikupitanso kwa mayi aja ndi sikirini yatsopano ya malisiti, ndipo andiuziratu kuti manambala akakhala ang'onoang'ono ndibwerere nayo.