Ndere za ku New Zealand: n'zodula, koma Masdevallia amazikonda

Paketi ya ndere zouma za sphagnum zochokera ku New Zealand ndi yopepuka moti poilandira mungaganize kuti akuberani. Ya magalamu 150 ndi imene ndimagula. Mukaiviika m'beseni imafufuma mpaka malita pafupifupi 12, okwanira timiphika tonse ta pazenera la kukhitchini kwanga kuno ku Glasgow n'kutsalako.

Maluwa amene ndimadzala ndi ma orchid a mtundu wa Masdevallia, ndi mmodzi wa mtundu wa Dracula. Kwawo ndi m'nkhalango za nkhungu za mapiri a Andes, ku Ecuador, Colombia ndi Peru, kumene kumazizira usiku ndipo chinyezi sichitha. Masdevallia veitchiana, wa maluwa aolenji okhala ndi ticheya tofiirira, amamera cha ku Machu Picchu. Asakunamizeni kuti ndi ofanana ndi aja a ku Nyika amene anthu amakumba n'kupangira chikanda. Ajawo ali ndi timbatata pansi, amapirira chilimwe. Awa alibe posungira madzi paliponse. Mizu ikauma kapena kutentha, masamba amayamba kuyoyoka, basi.

Apa ndiye pamene nderezi zimagwira ntchito. Zimamwa madzi ochuluka kuwirikiza pafupifupi ka 20 kulemera kwake, koma mpweya umadutsabe. Zikanyowa, muzitenge kadzanja muone: ulusi wake ndi wautali, wina kuposa chikhatho, wotuwa moyererako, ndipo mukaufinya n'kuusiya umabwerera m'malo. Za ku Chile, zotsikirako mtengo, ndinaziyesanso. Si zoipa, koma ulusi ndi waufupi ndipo zimafulumira kuphwanyika n'kugwirana pansi pa mphika. Kusiyana kwake simukuona tsiku logula. Mumakuona pakapita miyezi, pozula duwa: m'ndere za ku New Zealand mizu imatuluka yoyera, nsonga zake zobiriwira, ikulowa mbali zonse.

Kaikidwe kake n'kamene kamapha kapena kupulumutsa duwa. Osatsendera ngati mukutsendera fodya m'belo. Ndimazifinya kuti zisamadonthe, n'kukulunga mizu mopepuka, n'kulowetsa m'kamphika kadothi kakang'ono. Dothi limatulutsa madzi m'mbali, ndipo madziwo akamauma mizu imazizira, zomwe zimathandiza kwambiri masiku ochepa aja a Julaye pamene ngakhale Scotland amatentha. Masdevallia amafuna masana osapitirira madigiri 24, usiku cha m'ma 10 mpaka 13. Dracula yekha ali m'kabasiketi kolendewera, chifukwa mphukira ya maluwa ake imaboola n'kutulukira pansi kapena m'mbali. M'mphika wotseka imangowolera mkati. Ulusi wautali uja sugwa m'mipata ya basiketi, pomwe makungwa ophwanya, amene anthu amadzalamonso ma orchid, amangotayika.

Zodandaula zilipo. Mtengo ndi wowawa, ndipo paketi imene ndinagula komaliza inali ndi timitengo ndi masamba a udzu oti ndikhale pansi n'kumatola. Pa ndalama imeneyo sindimayembekezera ntchito ya kupeta. Komanso nderezi zimasunga mchere wa feteleza. Ndimathira gawo limodzi la magawo anayi a mlingo wolembedwa pa botolo, ndipo nthawi zina ndimangotsukuluza ndi madzi okhaokha. Ife kuno tili ndi mwayi, madzi a pampopi ndi ofewa. Abale a ku London, kumene madzi ali ndi laimu wambiri, tchingani a mvula, apo ayi nsonga za masamba zidera.

Ndipo sizikhalitsa. Chaka chikamatha pamwamba pamakhala pobiriwira moterera, mukanunkhiza mumamva kafungo kosasa. Zikatero zafa, sinthani zonse ngakhale duwa likuoneka bwino. Amene amati nderezi zimawoletsa mizu, kawirikawiri amakhala atazisiya zaka ziwiri kapena zitatu.

Valaninso magolovesi, makamaka ngati muli ndi kabala m'manja. Ndere za sphagnum zimatha kukhala ndi kafangasi koyambitsa zilonda za pakhungu zotchedwa sporotrichosis. Mu 1988 ku America anthu ambiri anadwala atagwira mbande za mitengo zokulungidwa ndi ndere za ku Wisconsin. Sizichitikachitika, koma magolovesi ndi otchipa.

Ngati muli ndi duwa limodzi lokha la Phalaenopsis, orchid uja wa mu supamaketi, musavutike, makungwa wamba akukwanirani. Ngati mumakhala kotentha, ndere sizisandutsa khonde lanu kukhala Andes, duwa lifabe. Koma wa Masdevallia kapena Dracula kumalo kozizira, gulani za ku New Zealand, paketi yaing'ono. Zotsala zisungeni zouma m'jumbo yomanga bwino, zikudikirani mpaka chaka chamawa.