Lenzi ya 70-200mm f/2.8 patatha miyezi 14: khosi likudandaula, koma sindiigulitsa

Ndimajambula maukwati, zinkhoswe ndi misonkhano kuno ku Mulanje, nthawi zina mpaka ku Luchenza ndi ku Thyolo. Kwa zaka zambiri ndinkadalira kalenzi kobwera ndi kamera kaja, ka 18-55mm, ndi 50mm imodzi. Chaka chatha msuweni wanga wa ku Joni anandipezera lenzi yogwirapo kale ntchito ya 70-200mm f/2.8 ya DSLR, makamera okhala ndi kagalasi koonera m'kati aja, n'kuitumiza itakulungidwa m'bulangete. Ndalama imene ndinatulutsa ikanagula njinga yamoto ya kabaza, ndipo mayi a kunyumba mpaka lero amandikumbutsa. Yatha nane miyezi 14 tsopano. Yaona dzinja, yaona chiperoni, yadya fumbi la Okutobala, ndiye ndikhoza kunenapo kanthu.

Canon, Nikon, Sony, Sigma ndi Tamron onse ali ndi lenzi ya muyezo umenewu, ndipo chimene amaikwezera mtengo ndi f/2.8 ija, nambala yosonyeza kutseguka kwa kabowo kolowetsa kuwala: nambala ikachepa, kabowo kamakula. Kalenzi kobwera ndi kamera ukakakokera kumapeto kamatsekeka kufika pa f/5.6. Iyi imakhala pa f/2.8 kuyambira pa 70 mpaka pa 200, kutanthauza kuti kuwala kolowa kumachuluka kanayi. Ndalama yonse ija umagulira zimenezo, pamodzi ndi magalasi ambirimbiri ochititsa kuti zitheke. Ndipo magalasi ndi olemera.

Ndiyambe ndi kulemerako, chifukwa n'kumene umakumana nako tsiku loyamba. Ili pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, paketi ya shuga ndi theka lina. Ukaphatikiza kamera zimadutsa makilogalamu awiri. Zikumveka zochepa munthu akungowerenga. Koma ukwati wa kuno umayamba 7 koloko kunyumba kwa mkwatibwi, tchalitchi, zithunzi m'munda wa tiyi, kenako holo mpaka dzuwa kulowa. Loweruka loyamba ndinaipachika m'khosi ndi lamba wa kamera monga ndinazolowera, ndipo Lamulungu lake ndinalephera kutembenuka kuti ndipereke moni kwa amene ndinakhala nawo pa benchi kutchalitchi. Pano lamba ndimamangirira pa kachitsulo kozungulira lenzi, kokhazikira pa tripod kaja, n'kumupingasa paphewa. Dzanja lamanzere limanyamula lenzi, lamanja limangowongolera kamera. Osanyamula zonse pogwira kamera yokha, lenzi ikulendewera, mudzalira ndi polumikizira lenzi ku kamera paja.

M'manja imakhala bwino. Ukamazuma siitalika, zonse zimayenda m'kati, choncho kulemera sikusamukira kutsogolo ngati malenzi ena otulutsa mphuno. Kuchoka pa 70 kufika pa 200 ndi kupotoza kamodzi ndi zala ziwiri. Timabatani ta m'mbali ndi tina nkhani: kamodzi kanakhudzidwa ndi chikwama, fokasi n'kupita pa manual, yopotoza ndi dzanja ija, ine n'kujambula akwati akutuluka m'galimoto zithunzi zisanu zosaoneka bwinobwino ndisanazindikire. Kuyambira pamenepo ndinamatapo tepi yakuda.

Tsopano chimene ndimaikondera.

Kunali chinkhoswe kumudzi wina cha ku Chonde. Perekaniperekani itafika pa achibale a kuchikazi, ndinaona agogo ena atakhala pamphasa kumbuyo kwa gulu, akulimbana ndi mfundo ya pangodya ya chitenje chawo. Anaimasula ndi mano. M'katimo munali tindalama tamapepala topindidwa kanayi, ndipo anayamba kutiwongola pabondo kamodzikamodzi, milomo ikuwerenga. Ndikanakhala ndi 50mm ndikanayenera kudumpha miyendo ya anthu n'kukagwada pamaso pawo, ndipo mukudziwa zimene zimachitika: munthu amakonza duku, n'kuuma nkhope ngati chithunzi cha pachitupa. Ndinali cha pa mamita khumi ndi asanu, kuseri kwa sipika. Pa 200mm, f/2.8, chithunzi chinatuluka ndi zala zawo, ulusi wa chitenje, makwinya a m'mphepete mwa maso, pamene anthu ovina kumbuyo kwawo anangosanduka mitundu yosungunuka. Mkwatibwi atachiona pa WhatsApp anandiimbira foni akulira. Pa zithunzi zoposa mazana atatu za tsikulo, chimene anakachapitsa chachikulu n'chimenecho.

Madzulo ake agogowo anandikodola. "Mwanawe, mfuti yakoyo umaloza nayo ndani?" Ndinagwada n'kuwaonetsa. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Ukanandiuza ndikanavala nsalu inayi." Ndinawayankha kuti, "Agogo, n'chifukwa chake sindinakuuzeni."

Ntchito yeniyeni ya lenzi imeneyi ndi imeneyo: imakuimika patali, anthu n'kukuiwala. Komabe ndinene pano kuti kutalikirako si chilolezo chobera anthu nkhope. Pachinkhoswe ndinaitanidwa. Amayi othyola tiyi m'mbali mwa msewu sanandiitane, ndiye ndimayamba ndatsika, kupereka moni, kupempha, ndipo pa esiteti ndimaonana kaye ndi akapitawo.

M'tchalitchi ndi momwe f/2.8 imabweza ndalama. Abusa ndi ansembe ambiri safuna wojambula azizungulira kuguwa, ena fulashi amakaniratu, ndipo matchalitchi athu ambiri ndi amdima, makamaka kukachita mitambo. Ndimaima pambali pa kwaya n'kutenga mphete ikulowa pachala popanda kusuntha phazi. Stabilizer, kachipangizo kochepetsa kugwedera kwa chithunzi, imathandiza kwambiri. Lamulo lakale limati pa 200mm liwiro la shata, kachitseko kolowetsa kuwala mu kamera, lisatsike pa 1/200 ya sekondi, koma ine ndajambulapo akwati atagwada phee pa 1/50 chithunzi n'kutuluka chakuthwa. Kungoti stabilizer imaletsa kunjenjemera kwa dzanja langa, siiletsa amayi a kwaya kuvina. Akayamba kugwedezeka ndimakwezabe shata kufika 1/400, ISO, mphamvu ya kamera yomvera kuwala, n'kukwera nayo.

Pali msampha wina umene ndinagwamo ndekha. Pa 200mm ndi f/2.8 malo akuthwa ndi opyapyala kwambiri. Mkwati akatsogola pang'ono chabe, iye amatuluka bwino, mkwatibwi n'kufufuma. Miyezi yoyamba ndinkangotsegula mpaka kumapeto chifukwa chonyadira, ndipo ndinawononga chithunzi cha ankhoswe akupatsana nkhuku, wina wakuthwa wina ayi. Anthu akaposa mmodzi pano ndimatseka kufika f/4 kapena f/5.6. Ndipo pamenepo ndi pomwe lenziyi imathwa koposa, mpaka mikanda ya pa velo umaiwerenga.

Kamera yanga si ya full frame, sensa yake yogwira chithunzi ndi yocheperapo, choncho 200mm imaoneka ngati 300mm kapena kuposerapo pang'ono. Panja ndi phindu. M'nyumba ndi chilango, chifukwa 70mm nayo imapanikiza. M'chipinda chovalira mkwatibwi ndinabwerera m'mbuyo mpaka kugunda wadiropu, koma m'chithunzi munangolowa mutu ndi mapewa. Komanso chinthu chikayandikira kuposa mita imodzi kapena apo, fokasi imakana. Lenzi yachiwiri ndi yofunikabe, ndipo kusintha malenzi pabwalo la tchopa mu Okutobala, fumbi lili koboo, ndi kuitana mavuto. Ku Mulhako wa Alhomwe ndinabwereka kamera ina kwa mnzanga kuti iyi isachoke pamalo pake tsiku lonse.

Za phiri. Aliyense wa kuno anayesapo kujambula Mulanje ndi foni n'kukhumudwa: maso akuona chimwala cha Chambe chitadzaza kumwamba, foni n'kutulutsa kachulu. Ukaimika akwati m'mizere ya tiyi, iwe n'kubwerera kutali n'kuwakoka ndi 200mm, phiri limabwera n'kudzaima kumsana kwawo lonse lathunthu. Makasitomala amaganiza kuti ndachita kumata pa kompyuta. Izi zimatheka m'mawa kapena mvula ikangokata. Masana a Okutobala, utsi wa moto wolusa uli tolo, mpweya wotentha ukuvinavina pamwamba pa minda, chilichonse chakutali chimatuluka chofewa. Ndinayamba ndaikayikira lenzi, kenako ndinaona kuti vuto ndi mlengalenga. Dzuwa likakhala kutsogolo musaiwale hudi, kachipewa kotchinga kutsogolo kwa lenzi, apo ayi mitundu imasuluka.

Fokasi ndinaiyesa bwino pa mpikisano wa Porters Race ku Likhubula mu Julaye. Ndinakhala pamwala m'munsi mwa njira, othamanga akutsetsereka molunjika kwa ine, ena osavala nsapato. Ikagwira munthu imamutsata mwakachetechete, ndipo zambiri zinatuluka zakuthwa mpaka thukuta la pachibwano. Imasokonezeka nthambi ikadutsa pakati, ndipo m'nkhungu ya chiperoni imasakasaka, kupita kutsogolo n'kubwerera, chifukwa palibe chakuda ndi choyera choti igwire. Pali kabatani koiuza kuti isamafufuze zapafupi. Kamachepetsa kusakako ndithu.

Chiperoni yemweyo anandiphunzitsa china. Tinagona kunyumba ya alendo ya pa Chambe, chikwama chinagona pakhonde pozizira. M'mawa ndinalowa nacho m'kati momwe anyamata onyamula katundu anali atasonkha moto n'kutereka tiyi, ndipo nditangotsegula, galasi lonse linachita mame. Ndinapukuta kutsogolo, osathandiza, chifukwa ena anali kumbuyo. Dzuwa linatuluka, mitambo inayala pansi pathu ngati thonje, ine ndili chikhalire ndi lenzi yakhungu pafupifupi ola lathunthu. Kulakwa kunali kwanga. Galasi lozizira likakumana ndi mpweya wofunda wachinyezi limatero basi. Pano ndimaisiya m'chikwama chotseka kuti ifunde pang'onopang'ono. Mvula yowaza yokha siiopa, ili ndi mphira potsekera, ngakhale ndimaiphimbabe ndi jumbo yobowola.

Mdani wamkulu kuno si mvula yogwa, ndi chinyezi chokhalitsa. Nyumba za ku Mulanje ndi Thyolo m'dzinja nsapato zimachita chuku pansi pa bedi, ndipo chuku chomwecho chimamera m'kati mwa lenzi, timizere ngati ukonde wa kangaude. Chikakhalitsa chimadya utoto wa pagalasi, osachokanso. Yanga ndimasunga m'chigubu cha pulasitiki chotseka bwino, muli timapaketi ta silica gel, tija timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano. M'chikwama chonyowa siigona. Amene mukugula yogwirapo kale ntchito, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: chotsani zotsekera zonse ziwiri, walitsani tochi ya foni kuchokera kumbuyo, muyang'ane bwinobwino. Tifumbi tochepa si kanthu. Ukonde uja ukaoneka, bwezani.

Kumene inandigwiritsa mwala ndi ku mbalame. Ndinkalota zojambula Thyolo alethe, kambalame kosowa kaja kokhala pansi m'nkhalango zowirira, kamene azungu amabwerera kuchokera kutali. Iwalani. Ngakhale mpheta ya pa mpanda pa 200mm imatuluka ngati kachitsotso. Ndinabwereka teleconverter ya 2x, yoika pakati pa lenzi ndi kamera, imene imaisandutsa 400mm koma n'kuigwetsera pa f/5.6. Fokasi inayamba ulesi, kuthwa kunachepa, ndipo pansi pa mitengo kuwala kunalibe. Ya 1.4x, yopereka 280mm pa f/4, ndi yabwinoko. Koma ngati mtima wanu uli pa mbalame kapena nyama za ku Majete, yang'anani malenzi a 150-600mm aja. Iyi ndi ya anthu.

Ndiye ndani agule? Wojambula maukwati, mapemphero, mpira ndi magule, amene amalipidwa, ndipo amagwira ntchito m'malo amdima: gulani, idzabweza ndalama, ngakhale mochedwa. Wokwera phiri wofuna zithunzi za malo: tengani 70-200mm ya f/4, yolemera pafupifupi theka la iyi. Pokwera Sapitwa, mamita 3,002, chilichonse cha m'chikwama umachitukwana, ndipo kumeneko f/2.8 sudzaifuna n'komwe. Amene muli pa mirrorless, makamera amakono opanda kagalasi ka m'kati, muli ndi mwayi, zatsopano zina zatsika kufika cha pa kilogalamu imodzi, kungoti mtengo wake ndi wa puloti.

Pa nyenyezi zisanu ndikuipatsa zinayi. Imodzi ndachotsera khosi langa.

Pakadali pano mphira wa pozumira wayamba kukhwepa, ndaumanga kaye ndi kalabala kodula ku chubu cha njinga podikira watsopano kuchokera ku Joni. Loweruka kuli ukwati ku Luchenza, holo yake ya malata, mawindo awiri okha.